Mbiri ya Malamulo Olembera Mabuku Ofufuziramo: Kuchokera ku Zomba Kufika pa Sikirini

Pali mabuku amene munthu amawerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo pali ena amene amangowatsegula akapanikizika. Mtanthauziramawu, buku la malamulo a dziko ndi buku lofotokoza chiyankhulo cha kompyuta ali m'gulu lachiwirili. Wotsegula buku lotere amakhala ndi funso limodzi, ntchito ili m'manja, ndipo amafuna yankho msangamsanga kuti abwerere ku zimene amachita. Kuti yankho lipezeke mwachangu chotero, mutu uliwonse m'bukumo uyenera kulembedwa potsata dongosolo limodzi. Aliyense wodziwa msika wa Zomba safunsa komwe kuli nsomba zouma kapena komwe kuli ndiwo zamasamba, chifukwa malonda aliwonse ali ndi malo ake ndipo malowo sasuntha. Buku lofufuziramo limayenera kukhala chimodzimodzi.

Dongosolo limeneli lili ndi mbiri yake, ndipo mbali yaikulu ya mbiriyo m'dziko muno inachitikira ku Zomba. Mwana wa ku Mtiya amene lero akuphunzira kupanga mabatani ndi mindandanda ya pa sikirini akukulira mu mzinda umene kwa zaka zambiri wakhala ukugamula za kalembedwe ka zikalata za boma ndi ka Chichewa chenichenicho.

Makina osindikizira m'tsinde mwa phiri

M'chaka cha 1891, Harry Johnston anaika likulu la boma la atsamunda ku Zomba. Nyumba yoyamba ya boma inali ija imene John Buchanan anamangira kazembe wa Britain, yomwe pambuyo pake inadzakhala hotela ya Masongola. Boma lililonse limayenda ndi mapepala, choncho posakhalitsa makina osindikizira anafika, ndipo m'chaka cha 1894 kunayamba kutuluka British Central Africa Gazette. Dzina la dziko litasintha kukhala Nyasaland mu 1907, ndi kukhala Malawi mu 1964, gazeti inkasintha dzina koma ntchito yake inali yomweyo: kulengeza malamulo, maudindo ndi zidziwitso za boma m'njira yoti munthu adzazipeze ngakhale patapita zaka.

Zimenezi zinkatheka chifukwa chidziwitso chilichonse chinali ndi nambala yake ndi chaka chake. Malamulo nawo anali ndi kapangidwe kosasintha. Lamulo limayamba ndi dzina lake lalifupi, kenako pamabwera ndime yomasulira mawu amene agwiritsidwa ntchito m'lamulolo, kenako ndime zina zonse, iliyonse ndi nambala yake. Malamulo a Malawi anasanjidwa m'mitu yokhala ndi manambala awiri, monga 7:01 umene ndi lamulo la milandu ndi zilango zake. Mutu woyambirira, 1:01, ndi lamulo lofotokoza m'mene malamulo ena onse ayenera kumasuliridwira. Akuluakulu amene anasanja malamulowa ankadziwa kuti musanalembe zambiri, muyenera kuyamba mwagwirizana tanthauzo la mawu anu.

Zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo, yomwe inakhalabe ku Zomba mpaka 1994 ngakhale likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, zinkalembedwa mu Hansard motsata dongosolo lake. Nyumba yosungiramo mbiri ya dziko, imene inatsegulidwa ku Zomba mu 1947, inali ndi njira yakeyake yopatsira mafayilo manambala. Komabe zonsezi zinali m'Chingerezi. Luso losanja zolemba linalipo mu mzindawu, koma anthu ambiri amene malamulowo ankawakhudza sankatha kuwawerenga okha.

Osonkhanitsa mawu ndi mafunso amene anakumana nawo

Mabuku ofufuziramo a chiyankhulo chathu anayambira kutali. Johannes Rebmann, mmishonale wa ku Germany amene ankakhala pafupi ndi Mombasa, anasonkhanitsa mawu kuchokera kwa Salimini, munthu amene anagwidwa ukapolo kuchokera m'chigawo chapakati cha dziko lino. Buku lawo linasindikizidwa mu 1877. Mu 1892, David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja amene, kuwonjezera pa matanthauzo, ankafotokoza miyambo, ntchito ndi kaganizidwe ka anthu. Alexander Hetherwick anadzalikonzanso bukuli ndi kulitulutsa mu 1929.

Aliyense wolemba buku la mtundu umenewu m'Chichewa amakumana ndi mafunso amene ayenera kuyankhidwa asanalembe liwu loyamba. Kodi mneni aikidwe ndi "ku" kumayambiriro kwake? Mukatero, aneni onse adzaunjikana pa chilembo chimodzi, ndipo ndi chifukwa chake mabuku ambiri amasanja aneni potsata tsinde lawo. Kodi dzina lilembedwe mu umodzi kapena mu unyinji, nanga gulu lake lisonyezedwe bwanji? Kodi chitsanzo chibwere tanthauzo lisanaperekedwe kapena pambuyo pake? Mafunso onsewa angayankhidwe m'njira zingapo zabwino. Choipa n'kuyankha mwina patsamba lino ndi mwinanso patsamba linalo.

Mishoni iliyonse inali ndi kalembedwe kake: Blantyre, Nkhoma, Likoma ndi Akatolika. Ntchito yomasulira Baibulo limodzi la onse, imene inatsogoleredwa ndi William Murray ndipo inabala Buku Lopatulika mu 1922, inakakamiza magulu osiyanasiyana kukhala pansi ndi kugwirizana. Baibulo nalo ndi buku lofufuziramo, popeza munthu amapeza mawu potchula buku, mutu ndi ndime. Amalawi ambiri anaphunzira kufufuza m'buku kudzera m'njira imeneyi, kutchalitchi ndi kusukulu ya Sande. Kutsidya kwa nyanja, ku America, Mark Hanna Watkins anatulutsa galamala ya Chichewa mu 1937, ndipo amene ankamuuza mawu anali wophunzira wa ku Chicago, Kamuzu Banda.

Bungwe la Chichewa

Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board, likulu lake ku Zomba. Bungweli linapatsidwa ntchito zitatu zazikulu: kulemba mtanthauziramawu watsopano, kutsogolera anthu pa kalembedwe koyenera, ndi kutukula chiyankhulocho. Chaka chotsatira, 1973, linatulutsa malamulo a kalembedwe ka Chichewa, omwe anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Chinali chaka chomwecho cha 1973 pamene koleji ya Chancellor inasamuka ku Chichiri, Blantyre, kudzakhazikika ku Chirunga, ku Zomba komweko.

Zotsatira za malamulowa timaziona tsiku ndi tsiku. Mabuku akale ankalemba "cifukwa" ndi "cinthu", monga m'mene amalemberabe abale athu a ku Zambia, pamene ife timaika "ch". Lamulo loti "r" alembedwe pambuyo pa "i" kapena "e", ndipo "l" alembedwe m'malo ena, ndi limene limatipangitsa kulemba "kulira" koma "kulola". Pa wailesi ya MBC, pulogalamu ya Tiphunzire Chichewa inkafalitsa zimenezi kwa anthu a m'midzi ndi m'matauni.

Bungweli linagwira ntchito m'nyengo ya chipani chimodzi, pamene mawu a mtsogoleri pa za chiyankhulo ankatengedwa ngati lamulo, ndipo ziyankhulo zina za dziko lino zinakankhidwira pambali. Mtanthauziramawu amene linapatsidwa kuti lilembe sanatuluke m'nthawi yake. Ulamuliro utasintha, bungweli linathetsedwa, ndipo mu 1996 m'malo mwake munabwera Centre for Language Studies, nthambi ya Yunivesite ya Malawi yosamalira ziyankhulo zonse za m'dziko. Nthambi imeneyi ndi imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000, buku lomasulira mawu a Chinyanja m'Chinyanja momwe. Mbiri imeneyi imatiphunzitsa zinthu ziwiri: malamulo a kalembedwe amathandiza aliyense akalembedwa poyera, koma amakhalitsa pokhapokha ngati olemba eniake awavomereza ndi mtima wonse.

Zimene zinkachitika kwa opanga makompyuta

Pa nthawi yomwe ku Zomba ankakonza zokhazikitsa Bungwe la Chichewa, ku Bell Labs m'dziko la America akatswiri awiri, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, ankalimbana ndi vuto lofanana. Pa 3 Novembala 1971 anatulutsa buku loyamba lofotokoza Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Lamulo lililonse limene munthu angapatse kompyuta linali ndi tsamba lake, ndipo tsamba lililonse linkatsata mndandanda umodzi: dzina, kalembedwe ka lamulolo mwachidule, kufotokoza kwake, mafayilo okhudzidwa, masamba ena ofanana nalo, mauthenga amene limapereka zinthu zikalakwika, ndi zofooka zake zodziwika. Zaka zoposa 50 zapita, koma wophunzira aliyense amene amagwiritsa ntchito Linux, pulogalamu yotengera Unix, amaonabe dongosolo lomweli. Chochititsa chidwi kwambiri ndi gawo la zofooka. Olembawo anaona kuti buku loona mtima liyenera kunenanso pamene chida chawo chimalephera.

Mu 1991, Tim Berners-Lee wa ku CERN, pafupi ndi Geneva, analemba chikalata chachifupi chofotokoza zizindikiro 18 za HTML, chiyankhulo chimene masamba a pa intaneti amalembedwera. Bungwe la W3C linakhazikitsidwa mu 1994 kuti lizisunga malamulo a chiyankhulochi, ndipo mu Disembala 1996 linavomereza CSS, yomwe imalamula mitundu, kukula kwa zilembo ndi kaonekedwe ka tsamba. Mu Malichi 1997, Scott Bradner wa ku Harvard analemba chikalata chotchedwa RFC 2119, chimene chinasiyanitsa zinthu zitatu: chimene wopanga pulogalamu akukakamizidwa kuchita, chimene akulangizidwa kuchita, ndi chimene ali ndi ufulu wochita kapena kusiya. Wodziwa malamulo amene anaphunzira ku Chirunga angazindikire msanga kusiyanitsa kumeneku, pakuti n'komwenso kumapezeka m'malamulo a dziko.

Kampani ya Netscape itapereka pulogalamu yake yotsegulira masamba a pa intaneti kwa anthu onse mu 1998, kunabadwa bungwe la Mozilla, ndipo kumeneko kunapangidwa XUL, chiyankhulo cholembera zonse zimene munthu amaona ndi kudina: mawindo, mabatani, mindandanda ndi timabokosi tolembamo. Firefox, pulogalamu ya Mozilla yotsegulira masamba a pa intaneti yomwe inatuluka mu Novembala 2004, inamangidwa ndi chiyankhulo chimenechi, ndipo anthu zikwizikwi padziko lonse anayamba kupanga timapulogalamu towonjezera. Kuti onsewa amvane, Mozilla inatsegula mu 2005 nkhokwe ya zolemba imene lero imadziwika kuti MDN. Popeza olemba ake anali ambiri, a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ochuluka ankagwira ntchitoyo mongodzipereka, panafunika malamulo a kalembedwe. Tsamba la chizindikiro chilichonse linkayamba ndi kunena kuti chinthucho n'chiyani, kenako n'kusanja makhalidwe ake, zimene chingathe kuchita, zitsanzo, ndi zina zogwirizana nacho.

Mu Novembala 2017, Firefox 57 inasiya kulandira timapulogalamu tolembedwa m'njira yakale ija. Apa panaonekera phindu la lamulo lina: buku lofufuziramo liyenera kunena kuti chinthu chinayamba liti ndipo chinasiya kugwira ntchito liti. Tsamba losasonyeza zimenezi limasocheretsa wophunzira, amene angataye masabata akuphunzira njira yomwe inatha kale.

Sikirini ikafika kwathu

M'dziko muno, ntchito yopanga zooneka pa sikirini si yachilendo. Mu 2001, bungwe la Baobab Health linaika makompyuta ongokhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe kuti azilembera odwala. Opanga ake anasankha mabatani akuluakulu ndi funso limodzi pa sikirini iliyonse, kuti kalaliki kapena namwino amene sanagwirepo kompyuta athe kugwira ntchito pamzere wautali wa odwala. Mu 2012 kunabwera Airtel Money, ndipo mu 2013 TNM Mpamba. Kuchokera pamenepo, mayi wogulitsa tomato ndi mnyamata wa kabaza anazolowera kusankha manambala pa mndandanda wa pafoni. Mu Disembala 2014, Google Translate inawonjezera Chichewa pa ziyankhulo zake.

Makompyuta amachidziwa chiyankhulo chathu ndi zilembo ziwiri, "ny", zochokera ku dzina la Chinyanja, ndipo wolemba tsamba la HTML amaika zilembo zimenezi pamwamba pa tsamba kuti makina adziwe chiyankhulo chake. Chilembo "ŵ", chomwe chinkaoneka m'dzina la dziko lathu pa zikalata za m'nthawi ya Kamuzu, chili ndi malo ake mu Unicode, mndandanda wa zilembo zimene makompyuta amazidziwa. Khomo la Chichewa m'makina ndi lotsegula. Chimene chikufunika tsopano ndi mabuku ofotokoza ziyankhulo za kompyutazi m'Chichewa, olembedwa potsata dongosolo limodzi logwirizanika.

Zimene Chichewa chimafuna m'buku lotere

Malamulo ena ndi ofanana m'chiyankhulo chilichonse. Chiganizo choyamba cha tsamba chinene chinthucho ndi ntchito yake, popanda malonje. Chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, chifukwa wowerenga akaona mayina awiri amaganiza kuti zinthuzo ndi ziwiri. Mayina amene kompyuta imawerenga asamasuliridwe, ndipo alembedwe ndi zilembo zooneka mosiyana ndi mawu ena onse, kuti wophunzira adziwe zoyenera kukopera ndendende. Khalidwe lililonse la batani kapena kabokosi lifotokozedwe pamodzi ndi zimene lingalandire, komanso chimene chimachitika wolemba akapanda kuikapo kanthu. Chitsanzo chikhale chachifupi ndiponso choti munthu akachikopera chigwire ntchito.

Koma pali mafunso ena amene Chichewa chokha chingayankhe. Loyamba ndi la ulemu. Batani lizinena kuti "Tumiza" kapena "Tumizani"? Amene akudinayo akhoza kukhala agogo, amfumu kapena abusa, ndipo kwathu kuno munthu wamkulu salamulidwa ngati mwana. Buku liyenera kugamula za nkhaniyi kamodzi, kenako olemba onse atsate.

Lachiwiri ndi la magulu a mayina. Opanga mapulogalamu amakonda kulumikiza zidutswa za chiganizo: dzina la chinthu kumayambiriro, mawu osasintha kumapeto. M'Chichewa njira imeneyi imathyola chiganizo, pakuti timati "uthenga watumizidwa", "fayilo yatumizidwa", "chithunzi chatumizidwa", "zithunzi zatumizidwa". Mneni amatsata gulu la dzina. Buku labwino lichenjeze wolemba kuti aziika ziganizo zathunthu, ndipo pa dzina lililonse latsopano lisonyeze gulu lake ndi unyinji wake, monga amachitira mtanthauziramawu.

Lachitatu ndi la kutalika kwa mawu. Chiyankhulo chathu chimamanga mneni mmodzi wokhala ndi mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani, motero liwu limodzi likhoza kudzaza batani lonse. Wofotokoza kukula kwa batani anene chimene chimachitika mawu akatalika: kodi amadulidwa, amatsikira pamzere wachiwiri, kapena batani limatambasuka?

Lachinayi ndi la kukakamiza ndi kulangiza. "Muyenera", "ndi bwino kuti" ndi "mungathe" ndi mawu atatu osiyana mphamvu. Pamutu pa buku palembedwe kuti lililonse likutanthauza chiyani, monga anachitira Bradner ndiponso monga amachitira mutu 1:01 wa malamulo athu.

Lachisanu ndi la malire a mayiko. Chiyankhulo chimenechi chimayankhulidwa ku Chipata ndi ku Lusaka, ku Tete ndi ku Lichinga, komanso m'makomo a Amalawi ku Harare ndi ku Johannesburg. Tsamba la pa intaneti silifunsidwa chiphaso pachipata cha Mchinji kapena cha Mwanza. Wolemba anene poyera kuti akutsata kalembedwe ka ku Malawi, ndipo asankhe mawu amene abale athu onsewa angawamve.

Ntchito imene yatsala

Zida zonse zofunika pa ntchitoyi zili m'dera limodzi. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, yomwe ikudziwa bwino kasanjidwe ka mtanthauziramawu. Kuli Yunivesite ya Malawi, dzina limene koleji ya Chancellor inatenga mu 2021, kumene achinyamata amaphunzira za makompyuta, za malamulo ndi za ziyankhulo pa malo amodzi. Kuli nthambi yosindikiza mabuku a boma, kuli bungwe la mayeso la MANEB, ndipo ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, yomwe imakonza maphunziro a m'sukulu. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Katswiri wa chiyankhulo sangalembe yekha buku la HTML, ndipo wolemba mapulogalamu sangagamule yekha za magulu a mayina.

Ena amati wophunzira makompyuta ayenera kungodziwa Chingerezi, popeza mayina a m'ziyankhulo za kompyuta ali m'Chingerezi. N'zoona kuti mayinawo sadzasintha, ndipo palibe amene akufuna kuwasintha. Koma kufotokoza n'kwina. A ku Japan, a ku France ndi a ku Korea amalemba mayina omwewo, koma amawerenga malongosoledwe ake m'ziyankhulo zawo. Mtsikana wa ku Mtiya kapena wa ku Chinamwali amene wamvetsa m'Chichewa chifukwa chake kabokosi kake sikakuoneka pa sikirini sadzaiwalanso, ndipo Chingerezi adzachiphunzira ali ndi maziko.

Choncho inu aphunzitsi, ophunzira ndi olemba mapulogalamu, musayambe ndi kumasulira masamba mazanamazana aliyense payekha. Yambani mwakhala pansi ndi kulemba chikalata chachifupi cha malamulo: mndandanda wa zigawo za tsamba, kayitanidwe ka wowerenga, mawu ogwirizanika ndi magulu awo, ndi kasonyezedwe ka zinthu zomwe zinatha ntchito. Chiikeni poyera kuti aliyense achiwerenge ndi kuchidzudzula, ndipo muzichikonzanso nthawi ikafika, monga malamulo a 1973 anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Mukatero, buku loyamba lofotokoza chiyankhulo cha kompyuta m'Chichewa lidzakhala lodalirika kuyambira tsamba lake loyamba.